Diso la mwana likamawala ngati la mphaka

Amayi anzanga, pakati pa diso pali kabwalo kakuda kamene timati mwanadiso. Mukaona kabwaloko kakuoneka koyera mwa mwana wamng'ono, kapena kakunyezimira ngati diso la mphaka madzulo, musadikire tsiku la sikelo. Nthawi zina zimayamba kuonekera pa chithunzi cha pafoni: diso limodzi lofiira, linzake loyera mbee. Ikhoza kukhala ng'ala, koma ikhozanso kukhala khansa yotchedwa retinoblastoma.

Khansayi imayambira kumbuyo kwenikweni kwa diso, pa kachikopa kamene kamalandira kuwala. Siichitikachitika, pakuti imagwira mwana mmodzi mwa ana obadwa 15,000 mpaka 20,000, ndipo ambiri amakhala osakwana zaka 5. Chizindikiro china ndi diso loyang'ana kumbali. Poyamba mwana samva ululu, amasewera ndi kuyamwa bwinobwino, n'chifukwa chake makolo amachedwa. Pamene diso latupa n'kutuzukira kunja, matenda amakhala apita patali. Kufinyira m'diso mkaka wa m'mawere kapena madzi a zitsamba kumangodya masabata amene mwanayo alibe. Pitani kuchipatala ndipo pemphani kalata yokaonana ndi madokotala a maso, monga a ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kumayiko kumene ana amafika msanga, oposa 9 mwa 10 alionse amachira.

Mwa ana ena matendawa ndi akumtundu, ndipo angagwire maso onse awiri. Ngati mwana wapezeka nawo, abale ake ang'onoang'ono ndi makanda obadwa pambuyo pake ayezedwenso maso.

Mawu olemera kwambiri amene mayi angamve ndi akuti diso lichotsedwe. Ena amathawa m'wodi usiku womwewo. Ndimawamvetsa, koma ndinena mosabisa: diso lodzadza ndi chotupa nthawi zambiri limakhala litasiya kale kuona, ndipo likasiyidwa khansa imatsata mtsempha wa diso mpaka ku ubongo. Bala likapola amaika diso lochita kupanga, ndipo mwana amapita kusukulu ngati anzake.

Kuwonjezera pa opaleshoni ndi mankhwala a m'mitsempha, ana ena amalemberedwa radiotherapy, makamaka khansa ikafalikira m'chibowo cha diso. Anthu amati "kuwotcha", ndipo dzina limeneli laopseza ambiri pachabe. Palibe moto. Makina amalozetsa cheza champhamvu, cha mtundu umodzi ndi cha X-ray, pamalo odwalawo. Chezacho chimawononga maselo a khansa kuti aleke kuswana, pamene maselo abwino amatha kudzikonza pakati pa tsiku ndi tsiku. Apa ndiye pagona chifukwa choperekera chithandizochi pang'onopang'ono, Lolemba mpaka Lachisanu, kwa masabata angapo. Kudumpha masiku kumapatsa khansa mpata wopuma, ndipo kusiyira panjira chifukwa mwana akuoneka bwino n'koopsa kwambiri. Kwa ana aang'ono madokotala amalingalira mofatsa asanasankhe njirayi, chifukwa ingachedwetse kukula kwa mafupa a mbali imeneyo ya nkhope ndi kuwonjezera chiopsezo cha khansa ina m'tsogolo. Funsani, ndi ufulu wanu kumva chifukwa chimene aisankhira.

Asanayambe amajambula mutu n'kuumba chigoba chapulasitiki cholingana ndi nkhope kuti mutu usagwedere. Mwana wosatha kugona phee amapatsidwa mankhwala ogonetsa, choncho mudzauzidwa nthawi yomuletsa chakudya. Amatsala yekha m'chipindamo kwa mphindi zochepa, ogwira ntchito akumuona pa kanema. Chezacho sichipweteka, ndipo akatuluka sakhala nacho m'thupi. M'berekeni, muyamwitseni, agone pamphasa imodzi ndi anzake. Ngakhale mayi woyembekezera angamunyamule.

Zovuta zimabwera pakapita sabata ziwiri kapena zitatu. Khungu lozungulira diso limada kapena kusupuka, nsidze zimathothoka, diso limauma kapena kulengeza misozi, mwana amafooka n'kumakana nsima. Tsukani pamalopo ndi madzi ofunda pang'ono, pukutani mosakhula, ndipo musadzoze mafuta alionse amene achipatala sanavomereze. Mutetezeni ku dzuwa ndi chipewa ndipo musafufute zizindikiro zimene alemba pakhungu. Phala lothira nsinjiro, dzira, nthochi, pang'onopang'ono koma kawirikawiri, zimalowa bwino kuposa mbale yodzadza. Thupi likatentha, makamaka ngati akulandiranso mankhwala a m'mitsempha, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.

Kwa zaka zambiri Amalawi ofuna radiotherapy ankatumizidwa kunja, ku India ndi kwina. Tsopano makinawa akupezeka m'dziko muno, koma kwa mayi wa kumudzi ulendowo ukadali wautali, ndipo amakakhala kumeneko mwezi wathunthu kapena kuposa. Mabanja ambiri amasiya chithandizo chifukwa cha thiransipoti, munda wosalimidwa ndi ana otsala pakhomo. Izi ndi zimene gulu lanu ndi mphakati mungazithe: kusonkha ya basi, kusinthana kuphikira otsalawo, kumupalirira chimanga. Ndipo miseche yoti mwana walodzedwa ikayamba pa mjigo, pakhale mmodzi wa inu wonena dzina lenileni la matendawo.