Kakolo akathyoka, mpira weniweni umayambira pampando

Pa 19 October 2016, Arsenal idathibula Ludogorets 6-0 mu Champions League. Masapota a Gunners adagona mokondwa, osadziwa kuti Santi Cazorla, kadolo kakafupi komwe kankamenya kona ndi mwendo uliwonse, kawasewerera komaliza. Adatuluka m'bwalo akudandaula kakolo wakumanja.

Vutoli lidayamba kale, mu 2013, pomwe adamenyedwa pa kakoloyo pamasewero opimana mphamvu a Spain ndi Chile. Iye adangolimba mtima n'kumasewerabe ndi ululu kwa zaka zitatu. Atamuchita opaleshoni mu December 2016, bala lidakana kupola. Tizilombo tidalowa mkati n'kudya masentimita 8 a mtsempha waukulu wa kuchidendene. Adalowa m'fiyeta kosachepera ka 8, ndipo panthawi ina nkhani yodula mwendo idali pafupi. Cazorla adaulula kuti madokotala adamuuza kuti akadzangotha kuyenda ndi mwana wake panja pa nyumba, adzathokoze.

Kuti atseke balalo, adasenda khungu la pamkono pomwe adalembapo dzina la mwana wake wamkazi, India. Mpaka lero theka la dzinalo lili pamkono, theka lina lili pa kakolo.

Koma nkhani yaikulu ya Cazorla si ya mpeni wa dokotala. Ndi ya miyezi 22 yomwe adakhala osasewera mpira wa ligi. Opaleshoni imatha tsiku lomwelo, koma masiku otsatirawo ndi omwe amaweruza ngati munthu adzabwerere m'bwalo kapena adzangokhala wofotokozera anzake kuti kale ankautha.

Bwalo la Kasinje silisankha mwendo

Mwina wina afunse kuti za ku London zikukhudza bwanji mnyamata wa ku Kasinje. Zikumukhudza, chifukwa kakolo ndi mmodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti wa kuno amasewera pabwalo louma gwa la kuchigwa cha Bwanje, la maenje ndi zitsa za udzu, mwina ndi jombo yobwereka yomukulira, pa bonanza yomwe aliyense amalowa ngati kulibe mawa. Atsikana a ntchemberembaye nawo amadumpha n'kutera pa dothi lolimba kapena pasimenti yong'aluka, ndipo pamasewero awo kakolo ndi bondo ndizo zimavulala kawirikawiri.

Kuonjezera apo, mwendo wa mnyamata wa kuno suli wa mpira wokha. Ndi womwewo wopalasa kabaza, wopita kumunda, wosenza thumba la chimanga pamsika. Ukapola mokhota, si mpira wokha womwe watha.

Pa kakolo pamakumana mafupa atatu: fupa lalikulu la msongolo, fupa laling'ono la m'mbali mwake, ndi kafupa ka pamwamba pa phazi komwe awiriwa amakhalira. Minyewa ndiyo imawamanga pamodzi. Ukabinya, ndiye kuti minyewa yakokeka kapena yang'ambika. Ukathyoka, fupa lasweka, ndipo ngati zidutswa zasuntha pamalo pake, mpamene madokotala amalowetsa kachitsulo ndi timisomali kuti fupa ligwirane mowongoka.

Kungoyang'ana ndi maso sungasiyanitse ziwirizi, pakuti zonse zimatupa. Azaumoyo ali ndi muyeso wosavuta: ngati munthu sakutha kuponda n'kuyenda masitepe anayi, kapena akumva kupweteka kwambiri akamudina pa timafupa totuluka m'mbali mwa kakolo, akuyenera kukajambulidwa. Apa si pokokana mwendo kuseri kwa golo, si pothowa ndi madzi otentha, si potemera mphini. Yambirani pachipatala cha Kasinje, ndipo akakutumizani kuchipatala chachikulu cha Ntcheu, pitani. Kuyambira m'ma 1980 dziko lino lakhala likuphunzitsa makiliniko ofesala a za mafupa omwe amagwira ntchito m'zipatala za m'maboma. Zikavuta kwambiri kuli Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe kudatsegulidwanso chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION mu 2023.

Masabata asanu ndi limodzi a chikhakha

Fupa la munthu wamkulu limatenga pafupifupi masabata 6 kuti ligwirane, ndipo nthawi zambiri akakuchita opaleshoni ya kakolo amakuletsa kupondera mwendowo kwa nthawi yoyandikira pamenepo. Kugwirana kwa fupa si kuchira kwa wosewera. Chikhakha chikachoka, katumba amakhala atafota, kakolo atauma, ndipo phazi limakhala ngati laiwala kumva pansi. Kubwerera m'bwalo kumatenga miyezi.

André Gomes adathyoka kakolo akusewerera Everton mu November 2019 ndipo adabwerera mu February 2020. Harvey Elliott adaguluka kakolo akusewerera Liverpool mu September 2021, n'kubwerera mu February 2022. Awatu ndi anthu okhala ndi madokotala, a mafizo, maiwe osambiramo ndi zakudya zoyezedwa, koma zidawatengerabe pafupifupi miyezi inayi kapena isanu. Ndiye iwe aise, wa nsima ya therere ndi ndodo zobwereka, ukufuna kubwerera pakatha masabata atatu chifukwa timu yafika mu semifainolo? Kuthamanga sikufika.

Pa masabata amenewa pali zinthu zosafunika kuzinyozera. Bala likayamba kutulutsa mafinya, kununkha, kapena thupi likatentha, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo; za Cazorla zidayamba ndi bala lokana kupola. Katumba akatupa n'kumapweteka, kapena mukayamba kubanika, thamangiraninso, chifukwa magazi amatha kuundana mwendo ukakhalitsa osayenda. Fodya amachedwetsa fupa kugwirana, ndiye ngati mumasuta, nthawi yosiya ndi imeneyi. Pambale pazikhala usipa kapena matemba odyera kumodzi ndi minga yake, mazira, nyemba, soya ndi masamba. Si zodula kuposa mabandulo omwe timagula tsiku ndi tsiku.

Mdani wamkulu ndi tsiku lalitali

Ululu umachepa pakatha masiku. Chomwe chimakula ndi kusowa chochita. Sabata yoyamba anzako amabwera, amajambula chikhakha, amaika pa status. Sabata yachitatu pagulupu ya WhatsApp ya timu akukamba za gemu ya Lamulungu, jezi yako wavala wina, ndipo wagoletsa. Munthu yemwe moyo wake wonse udali wothamanga amapezeka ali pakhonde kuwerenga nkhuku.

Apa mpomwe ambiri amagwera. Foni ili m'manja usana wonse, ndipo kubetcha kuli pafupi kuposa madzi akumwa. Ndalama yomwe achibale adasonkha kuti ikhale thiransipoti yopitira ku Ntcheu kukaonedwanso imathera pa tikiti yomwe timu imodzi yokha ndiyo idaononga. Ena amayamba timabotolo kuti tulo tibwere. Ena amadula okha chikhakha ndi mpeni chifukwa chatopetsa.

Akatswiri omwe adabwerera bwino adachita chinthu chimodzi chofanana: nthawi yovulala adaisandutsa ntchito. Cazorla adasiya banja lake n'kukakhala ku Salamanca, komwe tsiku lililonse ankalithera pamafizo, kupalasa njinga ndi kusambira, ngati munthu wolembedwa ganyu. Mu August 2018 adaseweranso La Liga ndi Villarreal, mu 2019 Spain idamuitananso, ndipo mu June 2025, ali ndi zaka 40, adagoletsa pagemu yomwe idakweza timu ya kwawo ya Real Oviedo kulowa mu La Liga patatha zaka 24.

Stephen Curry wa basketball adachitidwa opaleshoni ya kakolo kawiri, mu 2011 ndi mu 2012, mpaka anthu adayamba kunena kuti sapita patali. Iye adaphunzira kuyenda mwatsopano, kulimbitsa chiuno ndi pamimba kuti katundu asamagwere pa kakolo yekha. Mu 2015 ndi 2016 adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu NBA.

Kwathu kuno tili ndi Mwawi Kumwenda. Lake lidali bondo, osati kakolo, koma mpando wake ndi womwewo. Adaduka mtsempha wa m'bondo mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens ku Australia, ndipo World Cup ya 2019 ku Liverpool idamudutsa, ma Queens n'kupita popanda iye. Mu 2020 Vixens idatenga chikho cha ligi, ndipo Mwawi ndiye adasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pafainolo. Mpikisano umodzi adauphonya, koma ntchito yake adaipulumutsa.

Ena nthawiyi adaigwiritsa ntchito pokonza za mawa. Vincent Kompany, yemwe ankavulala pafupipafupi ku Manchester City, adamaliza digiri ya MBA mu 2017 akadali wosewera. Jack Wilshere, yemwe akakolo adamudyera sizoni yonse ya 2011/12, adasiya mpira mu 2022 ali ndi zaka 30 zokha, koma adangolowa kuphunzitsa timu ya achisodzera ya Arsenal chifukwa za ukochi adali ataziyamba kale.

Nanga wa pa Kasinje atani?

Choyamba, tsiku likhale ndi ndondomeko ngati ya kukampu. Ola lodzuka lidziwike. Mafizo omwe akuuzani kuchipatala achitike nthawi yake, ngakhale akhale ongogwedeza zala za kuphazi. Mwendo wabwinowo, mikono ndi pamimba sizidavulale, ndiye funsani adokotala zomwe mungachite mutakhala kapena mutagona.

Chachiwiri, musachoke mu timu. Pemphani wakabaza akutengeni kubwalo. Khalani pambali ndi kope, muzilemba yemwe wataya mipira ingati, mbali yomwe adani akulowera, nthawi yomwe anyamata ayamba kutopa. Wosewera akakhala panja amaona zinthu zomwe sankaziona ali mkati, ndipo makochi ambiri adayambira pamenepo. Malamulo 17 a mpira amapezeka ulere pa intaneti. Awerengeni, mwina mluzu ndiwo tsogolo lanu. FAM imachititsa maphunziro a ukochi oyambira pansi, ndipo palibe chokuletsani kufunsa kwa akuluakulu a mpira m'boma kuti otsatira adzakhala liti.

Chachitatu, bandulo yomweyo yomwe ikuthera pa TikTok ikhoza kukuphunzitsani kukonza mafoni, kumeta, kujambula ndi kulumikiza mavidiyo a magemu a m'dera, kapena kubwereza masamu ngati MSCE idakusiyani panjira. Izi ndi ntchito zochita utakhala pansi, ndipo zimadzathandiza ngakhale mwendo utachira.

Mawu ena apite kwa eni matimu ndi okonza mabonanza. Mumapeza ndalama ya chikho, ya jezi, ya zokuzira mawu, koma mnyamata akagwa mumangosonkherana ya njinga yamoto n'kumuiwala. Patulani kandalama ka ovulala mpikisano usadayambe. Kwirirani maenje m'bwalo. Ndipo kochi, wosewera akakuuzani kuti wachira, musangomva pakamwa: aime ndi mwendo wovulalawo wokha, adumphe, athamange mokhotakhota popanda kutsimphina, ndipo achipatala avomere kaye.

Nanunso masapota, lekani zomunena wovulala kuti ndi wamantha. Cazorla adalimba mtima zaka zitatu, ndipo kulimba mtima komweko kudatsala pang'ono kumudulitsa mwendo. Bonanza ina idzabwera chaka chamawa. Kakolo wina sagulitsa pamsika wa Kasinje.