Kalata Yoipa Yocokera kwa Abwana Akale: Zimene Lamulo Likamba ndi Zimene Wanchito Angacite

CHIPATA: Munthu wofuna nchito angakhale ndi mapepala onse a sukulu, nayankha bwino mafunso pa tsiku la intavyu, koma nchitoyo n'kumupulumuka cifukwa ca mau ocepa cabe amene abwana ake akale analemba m'kalata kapena kukamba pa lamya. Kawirikawiri mwini wake sauzidwa cimene calakwika. Amangoona kuti kulikonse kumene apita zinthu ziyamba bwino, koma olemba nchito akangofunsa kumene anagwirako kale, kumangoti zii.

Bvuto limeneli ndi lolemera kwambiri m'dera longa la Chipata. Ngakhale kuti Chipata ndi likulu la cigawo ca Kum'mawa, ndipo anakwezedwa kukhala mzinda m'caka ca 2017, olemba nchito ake ambiri ndi anthu odziwana. Eni masitolo a ku Down Shops ndi ku Kapata, akuluakulu a makampani ogula thonje, fodya ndi nshawa, eni masukulu ndi zipatala zosakhala za boma, ngakhalenso oyang'anira malo ogona alendo ku Mfuwe, amakumana ku banki, ku chalichi, pa maukwati ndi pa maliro. Mau oipa akanenedwa pamalo amodzi sacedwa kufika ku Katete, Chadiza, Lundazi kapena Petauke. Wobvutika si wanchito yekha, koma banja lonse limene lidalira malipiro ake pa lendi, cakudya ndi zofunika za ana kusukulu.

Zikalata ziwiri zosiyana

Lamulo lalikulu loona za nchito m'dziko la Zambia ndi la Employment Code Act, nambala 3 la caka ca 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la m'caka ca 1965. Ndime 59 ya lamuloli isiyanitsa zikalata ziwiri zimene anthu ambiri amaziona ngati cinthu cimodzi.

Coyamba ndi satifiketi yosonyeza kuti munthu anagwira nchito pamalopo. Iyi wolemba nchito ayenera kupereka nchito ikatha, kaya wanchitoyo wacoka mwamtendere kapena wacotsedwa. Mwa zina, pamalembedwa dzina la wolemba nchito, dzina la wanchito, tsiku limene anayamba, tsiku limene analeka, mtundu wa nchito imene anali kugwira, nambala ya citupa cake ca NRC, ndi manambala a thumba la penshoni kumene ndalama zake zinali kupita, monga NAPSA. Pa zinthu zimene ndimeyi ichula palibe malo akuti abwana alembepo maganizo ao pa khalidwe la munthuyo.

Caciwiri ndi kalata yocitira umboni khalidwe ndi kagwiridwe ka nchito. Iyi lamulo silikakamiza wolemba nchito kupereka. Angathe kukana, ndipo kukanako si mlandu. Koma akasankha kulemba, lamulo limuletsa kupereka umboni wabodza, ndipo wocita zimenezi angathe kulangidwa.

Tanthauzo lake n'lakuti wanchito amene anasiyana moipa ndi abwana ake sayenera kugwada kupempha kalata yomutamanda, koma ali ndi mphamvu yonse yofunsa satifiketi yake.

Kalata yowawa si yonse imene ili yopanda cilungamo

Wanchito ayenera kuyamba wadzifunsa yekha ngati zimene zalembedwazo ndi zabodza kapena zangomuwawa cabe. Ngati munthu anali kufika mocedwa masiku ambiri, nalandira makalata omucenjeza amene anasainapo, abwana amene achula zimenezi sanalakwire lamulo.

Kalata imakhala yopanda cilungamo ikanena cinthu cimene sicinacitike, monga kulemba kuti munthu anacotsedwa pomwe anatula yekha nchito. Imakhalanso yotero ikatenga mphekesera n'kuziika ngati zoona, monga kulemba kuti wosunga katundu anaba matumba a feteleza pomwe nkhaniyo sinafufuzidwe ndipo iye sanapatsidwe mpata wodziyankhira. Njira ina ndiyo kunena theka la coonadi: kuchula kuti munthu anaimitsidwa nchito, koma osanena kuti pambuyo pake anapezeka wosalakwa. Palinso kalata yolembedwa pofuna kubwezera, cifukwa cakuti wanchitoyo anakadandaula ku ofesi ya Leba za malipiro ake kapena analowa m'bungwe la anchito.

Ndime 52 ya lamulo lomweli ithandiza pamenepa. Imati wolemba nchito asacotse munthu popanda cifukwa comveka, ndipo ngati cifukwaco cikhudza khalidwe kapena kagwiridwe ka nchito, wanchitoyo ayambe wapatsidwa mpata womvedwa. Conco mlandu umene munthu sanauzidwepo ali pa nchito, koma watulukira m'kalata iye atacoka, umakhala wokayikitsa. Ndime 5 nayonso iletsa tsankho pa nchito ndi pa kalembedwe ka anchito cifukwa ca mtundu, cipembedzo, ndale, kulemala, thanzi, kukhala ndi pakati ndi zina zotero.

Zimene makhoti anagamulapo

Malamulo a Zambia anatengera zambiri ku malamulo a ku England, ndipo zigamulo za makhoti akuluakulu a kumeneko, ngakhale sizimanga oweruza a muno, zimaganiziridwa pamene nkhani zifanana.

Mlandu wodziwika kwambiri ndi wa Spring ndi kampani ya inshuwalansi ya Guardian Assurance, umene unagamulidwa ndi khoti la House of Lords m'caka ca 1994. Bambo Graham Spring anali wogulitsa inshuwalansi. Atacotsedwa nchito anafunsira malo ku makampani ena, koma kalata yocokera kwa abwana akale inamuonetsa ngati munthu wosakhulupirika, ndipo anakanidwa. Khoti linapeza kuti olemba kalatayo sanacite mwanjiru, koma sanasamale kufufuza bwino asanalembe. Oweruza anagamula kuti wolemba kalata yotere ali ndi udindo wosamala, ndipo akalephera angalipire cifukwa ca zimene wanchito wataya.

Mlandu wina, wa Bartholomew ndi khonsolo ya Hackney mumzinda wa London, unagamulidwa m'caka ca 1998, ndipo wanchito ndiye analephera. Kalata yake inachula kuti pamene anali kucoka panali mlandu wa pa nchito umene unali usanathe. Khoti la apilo linati zimenezo zinali zoona, ndipo kuzibisa kukanasoceretsa wolemba nchito watsopano. Linaonjezera kuti kalata siyenera kunena zonse, koma cithunzi cimene ipereka cisakhale cosoceretsa.

Palinso mlandu wa kuipitsa mbiri ya munthu. Apa njira ndi yothina, cifukwa lamulo limachinjiriza munthu amene ayankha moona mtima kwa wina woyenera kudziwa, monga wolemba nchito watsopano. Cinjirizo limeneli limagwa ngati wodandaula aonetsa kuti wolembayo anacita mwanjiru, kapena anadziwa kuti zimene alemba ndi zabodza. Abwana amene aulutsa nkhaniyo pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, kwa anthu amene sanafunse ndipo sizikuwakhudza, amadziika okha pangozi yaikulu.

Coyamba ndi kupeza umboni

Khoti ndi ofesi ya Leba sizigwira nchito ndi mau akuti ndinangomva. Wanchito afunse mwaulemu kwa amene anamukana ngati kalata ya abwana akale ndiyo inalepheretsa, ndipo apemphe kope lake. Ngati nkhani inakambidwa pa lamya, alembe tsiku, dzina la amene anamuuza ndi mau amene ananenedwa, adakali kukumbukira.

Lamulo la Data Protection Act, nambala 3 la caka ca 2021, lipatsa munthu ufulu wofunsa bungwe kapena kampani zimene isunga zokhudza iye, ndi kupempha kuti zolakwika zikonzedwe. Pempholi likhale lolembedwa, ndipo likanyalanyazidwa dandaulo lingapite kwa Komishinala woona za lamuloli.

Kenaka asonkhanitse mapepala ake onse: kontrakiti, mapepala a malipiro, makalata okwezedwa pa nchito kapena oyamikiridwa, kalata yotula nchito kapena yocotsedwa, ndi mauthenga a pa lamya. Lamulo limati nchito ya miyezi 6 kapena kuposerapo ikhale ndi kontrakiti yolembedwa, ndipo ngakhale pa pangano la pakamwa wolemba nchito ayenera kusunga kaundula wake. Izi zikhudzanso anchito a m'nyumba, alonda ndi ogulitsa m'masitolo. Amene alibe pepala lililonse angapite ku ofesi ya NAPSA kukatenga sitetimenti yake. Ngati abwana anali kupereka ndalama monga mwa lamulo, sitetimentiyo ionetsa dzina lao ndi miyezi imene munthuyo anagwira.

Kulemba kalata ndi kupita ku Leba

Umboni ukakhalapo, wanchito alembere wolemba nchito wakale. Kalatayo ikhale yaifupi ndi yaulemu, yopanda mwano kapena kuopseza. Ichule mau amene ali olakwika, ionetse umboni wotsutsa, ndi kupempha zinthu zomveka: kuti mauwo acotsedwe, kuti amene analandira kalata yoyambayo auzidwe za kukonzako, ndi kuti m'tsogolo kampani izingopereka masiku ndi dzina la nchito. Aikepo tsiku limene ayembekezera yankho, asunge kope, ndipo wolandira asainire. Ngati amene analemba zoipazo ndi kapitao kapena manijala, kalatayo ipite kwa mkulu woona za anchito kapena kwa mwini kampani, popeza mwina iwo sadziwa n'komwe zimene zinalembedwa m'dzina lao.

Yankho likapanda kubwera, nkhani ipite ku ofesi ya Leba, imene ili pansi pa Unduna wa za Nchito, ndipo mu Chipata ilimo. Ofisala wa Leba ali ndi mphamvu yoitana mbali zonse ziwiri ndi kuyesa kuziyanjanitsa. Nkhani ya satifiketi imene yamanidwa ndi yosabvuta kuifotokoza kumeneko, cifukwa lamulo linena poyera. Membala wa bungwe la anchito apite ndi womuimira. Pakakhala mgwirizano, ulembedwe ndi kusainidwa, ndipo mau a kalata yatsopano akhale mbali ya mgwirizanowo.

Amene alibe ndalama za loya angafunse thandizo ku bungwe la Legal Aid Board, limene lili ndi ofesi mu Chipata. Ngati pali tsankho, bungwe la Human Rights Commission nalonso limalandira madandaulo. Wogwira nchito m'boma amene aona kuti ofesi yake yamucitira zosalungama angadandaule kwa Public Protector.

Masiku ndi owerengeka

Akuluakulu amati mlandu suola, koma milandu ya nchito ili ndi malire ake. Ndime 52 ipatsa munthu amene aona kuti wacotsedwa mosatsata lamulo masiku 30 kuti akasume kukhoti. Lamulo lina la Industrial and Labour Relations Act, pa ndime 85, lichula masiku 90 operekera dandaulo, kuwerenga kucokera pamene njira zodandaulira za pa nchito zatha, kapena pamene nkhaniyo inacitika ngati njirazo palibe. Canzeru ndi kutsata malire aafupiwo ndi kufunsa loya msanga. Kucokera pamene malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa m'caka ca 2016, khoti loona za nchito linakhala nthambi ya High Court.

Wopita kukhoti adziwe kuti sikokwanira kuonetsa kuti kalata inali yoipa. Afunika kuonetsanso kuti kalatayo ndiyo inamutayitsa nchito. Uthenga wonena kuti anali atasankhidwa kale, ndipo anakanidwa kalatayo itafika, ndi umboni wamphamvu. Milandu imatenga nthawi ndiponso ndalama, motero khoti likhale njira yotsiriza.

Kufuna nchito kusaime

Pamene dandaulo lili m'njira, banja lifunabe kudya. Wanchito angapereke maina a anthu ena odziwa nchito yake: manijala wakale amene anasamukira kwina, wolemba nchito wa m'mbuyomo, mphunzitsi wa ku koleji, kapena mtsogoleri wa chalichi kapena mzikiti. Aliyense wa awa ayambe wapemphedwa dzina lake lisanalembedwe. Aphunzitsi, manesi ndi anchito ena a zaumoyo angaonetse mapepala a mabungwe ao, monga Teaching Council of Zambia, Nursing and Midwifery Council of Zambia ndi Health Professions Council of Zambia. Amene ananamiziridwa kuba angatenge cikalata ca kupolisi cosonyeza kuti sanapezekepo ndi mlandu kukhoti.

Pa intavyu ndi bwino kuti munthu ayambe yekha kuchula nkhaniyo m'mau ocepa, kuti anasiyana ndi abwana akale pa cifukwa cakuti, ndipo mapepala ake ndi awa. Kunyoza abwanawo kumangotsimikizira zimene iwo analemba. Kupanga kalata yabodza kapena kudinda cidindo ca kampani mwakuba ndi mlandu wa kupolisi, ndipo kumaononga ngakhale dandaulo limene linali loona.

Nawonso olemba nchito ali ndi phunziro. Kalata ilembedwe kucokera m'faelo ya wanchito, osati kucokera m'mkwiyo wa tsiku limene anasiyana. Zimene sizinatsimikizidwe zisalembedwe ngati zoona, ndipo zokambidwa pa lamya zisamalidwe monga zolembedwa. Bwana amene sangathe kunena zabwino ali ndi ufulu wopereka satifiketi yokha n'kukhala cete.

Kwa anchito onse a m'cigawo ca Kum'mawa, nthawi yabwino yofunsa satifiketi ndi tsiku limene nchito yatha, pamodzi ndi malipiro otsiriza, faelo isanasowe ndiponso oyang'anira asanasinthe.