Buku m'manja, mwana kumsana: azimai ophunzira pa yunivesiti mu Kabwe

MASUKULU akatsekera mu Epulo, mu Ogasiti ndi mu Disembala, tauni ya Kabwe imalandira alendo oculuka. Awa ndi aphunzitsi ocokera m'maboma osiyanasiyana amene amabwera ku Kwame Nkrumah University kudzaonana ndi owaphunzitsa maso ndi maso, pakuti miyezi ina yonse amaphunzira ali kwao. Mukaima pafupi ndi cipata m'mawa mudzaona azimai ena ali ndi pakati, ena atabereka makanda, ndipo pambuyo pao pakubwera kamtsikana konyamula matewera ndi flasiki ya phala.

Sukuluyi inayamba mu 1967 ngati koleji ya aphunzitsi a ku sekondale, ndipo mu 1971 inapatsidwa dzina la Nkrumah, mtsogoleri woyamba wa dziko la Ghana. Mu 2008 boma linatsegulanso Mulungushi University, makilomita pafupifupi 26 kumpoto kwa tauni, pa mseu wa Great North Road. Motero Kabwe, imene kale inadziwika ndi mgodi ndi sitima, lero ndi tauni ya ophunzira. Ena mwa iwo ndi ana anu, inu alimi ndi akhristu anzathu, ndipo ena ali kale ndi ana aoao.

Akuluakulu akumbukira kuti kale mtsikana akatenga pakati, sukulu inali kuthera pomwepo. Mu 1997 boma linalamula kuti mtsikana wotere azibwerera m'kalasi akacira, ndipo bungwe la FAWEZA linagwira nchito yaikulu pofalitsa lamuloli. Masukulu ena a mipingo anazengereza kulilandira, poopa kuti lidzalimbikitsa khalidwe loipa. Koma kalembera wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti pa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 m'Zambia, 29 anali atabereka kapena anali ndi pakati. Ngati cipata ca sekondale cinatsegulidwa kwa atsikana otere, tisadabwe kuwapeza ena a iwo pa yunivesiti. Onjezanipo azimai a pabanja amene abwerera kukasandutsa dipuloma kukhala digiri.

Vuto loyamba ndi nthawi. Lamulo la anchito la mu 2019 limapatsa mai wa panchito masabata 14 opumula akabereka. Lamuloli ndi la anchito, osati la ophunzira. Tsiku la mayeso silisuntha cifukwa mwana wabadwa dzulo kapena wagona ndi malungo. Bungwe la zaumoyo la WHO limalangiza kuti mai woyembekezera aonane ndi a cipatala kasanu ndi katatu asanabereke, ndi kuti khanda liyamwe bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi. Wophunzira ayenera kupeza mpata wa zonsezi pakati pa makalasi, ma asainimenti ndi kuwerenga kwa usiku.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa cifukwa ca manyazi. Amabisa mimba ndi majuzi aakulu, sapita ku kiliniki, ndipo zinthu zikathina amangosowa m'kalasi osauza munthu. Wosowa pa mayeso popanda cilolezo amawerengedwa ngati wolephera. Njira yabwino ndiyo kupita msanga kwa mkulu woyang'anira ophunzira, kupereka kalata ya ku cipatala, ndi kupempha molemba kuti muime kwa kanthawi. Kalata ya yankho muisunge monga mumasungira khadi la fetereza. Caka cimodzi cocedwa sicifanana ndi kutaya zaka zitatu.

Vuto laciwiri ndi ndalama, ndipo ili likhudza makolo. Maphunziro aulere amene anayamba mu 2022 amathera pa sekondale. Pa yunivesiti mlimi amagulitsa cimanga, soya kapena ng'ombe kuti alipire. Ena amathandizidwa ndi ngongole ya boma kudzera ku bungwe la HELSB, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016. Ngongole imeneyi imabwezedwa. Atate amene akwiya ndi kunena kuti salipiranso ngwee, aganize bwino. Ng'ombe inapita kale, ngongole ilipo, ndipo m'nyumba mwaonjezeka mdzukulu. Cokhaco cimene cingabweze zonsezi ndi pepala limene mwana wanu watsala pang'ono kulitenga.

Vuto lacitatu ndi wolera mwana. Kawirikawiri banja limatuma mng'ono wake wa wophunzirayo kapena mwana wa m'bale wa kumudzi. Pa nthawi ya chuthi palibe colakwika. Koma kamtsikanako kakakhala m'tauni temu yonse, ndiye kuti tacotsa mwana mmodzi m'sukulu kuti wina aphunzire. Kumeneko ndi kuvula wina kuti tiveke mnzake. Ambuye a mwanayo, apongozi kapena azakhali amene anamaliza kulera ao ndiwo oyenera kufunsidwa poyamba, makamaka mwana akasiya kuyamwa.

Palinso vuto lina limene ndi la Kabwe yekha. Mgodi wa mtovu ndi zinki umene unapezeka mu 1902 unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likali m'dothi, makamaka m'makomboni oyandikana ndi mgodiwo monga Kasanda, Makululu ndi Chowa. Mai wokhala ndi khanda zimamuvuta kugona m'cipinda ca anthu anayi pa hostelo, motero amafuna kanyumba ka lendi yochipa, ndipo mlendo sadziwa mbiri ya malo. Mtovu umadutsa kucokera m'magazi a mai kupita kwa mwana ali m'mimba, ndipo umaononga ubongo wa mwana wamng'ono. A WHO amati palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ungachedwe wabwino. Mwana wokwawa ndiye ali pangozi yaikulu, pakuti ciliconse amaika kukamwa.

Conco musanalipire lendi, funsani eni dera za kutalika kwa nyumbayo ndi mgodi wakale. Kolopani m'nyumba ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa fumbi. Sambitsani mwana m'manja asanadye, ndipo musamusiye kusewera pa dothi loyera. Azimai ambiri oyembekezera amalakalaka kudya dothi. Mu Kabwe cizolowezi cimeneci cingavulaze mwana asanabadwe, ndipo ndi bwino kuuza anamwino kuti akupatseni mankhwala oonjezera magazi.

Nanga mwamuna ali kuti pa nkhani yonseyi? Pa yunivesiti mimba imaoneka pa munthu mmodzi, pamene mwini wake wina akupitiriza makalasi osasowa ngakhale tsiku limodzi. Makolo a mnyamata asamangokambirana za damaji n'kuthera pomwepo. Akambiranenso za sopo, lendi ndi amene adzanyamula mwana sabata ya mayeso. Abambo a pabanja amene akazi ao akuphunzira adziwe kuti kuphika nsima ndi kupereka mwana ku kiliniki sikucotsa ulemu wa munthu. Malipiro akadzakwera, adzadya ndi banja lonse.

Ku mpingo nakonso kuli nchito. Ciphunzitso ca mpingo pa za ukwati cimadziwika, ndipo palibe akupempha kuti cisinthe. Koma mtsikana akaona kuti kubereka kudzamucotsera sukulu, mabwenzi ndi malo ake m'chalichi, amayamba kuganiza njira zoopsa. Magulu a azimai a m'parishi za mu Kabwe angacite zazikulu ndi zinthu zazing'ono: kufunsa pa Sondo ngati pali ophunzira ali ndi ana, kuwalozera nyumba yabwino, ndi kusinthana kugwira khanda kwa maola atatu a mayeso. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mwezi wa mayeso ukadzafika, mudzawaonanso azimai aja pansi pa mitengo, akuyamwitsa uku akutsegula mapepala. Pakati pao pali amene adzaphunzitsa adzukulu anu masamu ku Serenje kapena ku Katete. Ngati mmodzi wa iwo ndi mwana wanu, mtumizireni ufa, mtumizireni wolera woyenera, ndipo musamuitane kuti abwere kunyumba asanalembe.