Kodi mumadziwa? Amasonkha ndani kuti wodwala athandizidwe

Kodi mumadziwa kuti Germany ndiyo idayamba kukakamiza antchito kukhala pa inshuwalansi ya matenda? Mu 1883, boma la Otto von Bismarck lidalamula kuti wantchito ndi bwana wake azisonkha m'thumba limodzi: wantchito magawo awiri mwa atatu, bwana gawo limodzi. Penshoni ya ukalamba idabwera mu 1889, koma ankalandira ndi okhawo okwanitsa zaka 70, msinkhu umene anthu ambiri a m'migodi sankaufika n'komwe. Sikuti Bismarck adangogwidwa chifundo ayi, ankafunanso kuti antchito asakopeke ndi zipani za sosholizimu.

Britain idatenga njira ina. Kutsatira lipoti la William Beveridge la 1942, ntchito ya zaumoyo ya boma yotchedwa NHS idatsegulidwa pa 5 July 1948. Ndalama zambiri zimachokera m'misonkho, ndipo wodwala amaonana ndi dokotala osapisa m'thumba, kaya ali pantchito kaya ndi lova.

Ku Singapore, kuyambira 1955, wantchito amasungitsa gawo la malipiro mu akaunti yakeyake ya m'thumba la boma lotchedwa CPF, bwana n'kuwonjezerapo.

Njira ya Bismarck imafuna malipiro a pamwezi oti azidulidwa. Nanga mlimi wa fodya kapena mayi wogulitsa tomato pamsika mungamudule pati? Nkhani yavuta pamenepo kwathu kuno. Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma yopereka ndalama kwa mabanja ovutika imene idayambira ku Mchinji mu 2006, safuna kuti wolandira akhale atasonkhako kale, koma ndalama zake zambiri zimachokerabe kwa abwenzi akunja.