Du Chisiza: kuchoka pabwalo la zisudzo kukakhala nduna

Anthu a ku Nsanje amakumbukira bwino chaka cha 1993. Ndi chaka chomwe mbuya Gwanda Chakuamba anatuluka m'ndende atakhalamo zaka 13, posakhalitsa n'kukhala mlembi wamkulu wa Kongeresi, chipani chomwe chinawatsekera. M'nyengo yomweyo mnyamata wina wa zaka 30, amene banja lake linali ndi zipsera za ulamuliro womwewo, nayenso anavomera unduna wa zachinyamata, masewero ndi chikhalidwe. Ameneyu anali Dunduzu Chisiza Junior, wodziwika kuti Du.

Du anabadwa m'Marichi 1963, bambo ake ali kale m'manda. A Dunduzu Chisiza, mmodzi mwa omwe anamenyera ufulu wa dziko lino, anafa pangozi ya galimoto pa Thondwe mu Seputembala 1962, imfa yomwe mpaka lero anthu amaikayikira. Mbale wawo Yatuta anaphedwa ndi asilikali a boma mu 1967. Mwana wa m'nyumba yotere anakula akudziwa kuti pakamwa pamaphetsa.

Koma sanakhale chete. Ali pasukulu ya HHI ku Blantyre analemba The Deceased's Attack, sewero lomwe linapambana pampikisano wa zisudzo za m'sukulu. Atakaphunzira ku America, anabwerako n'kuyambitsa gulu la Wakhumbata mu 1987. Luso lake linali lophiphiritsa. M'masewero monga Papa's Empire ankadzudzula ulamuliro mobisa, ndipo anthu m'holo ankamva okha kumene mkondo walunjika. Masiku amenewo kulimba mtima kotero kunali kuika moyo pachiswe.

N'chifukwa chake unduna uja unawawa anthu ambiri. Amalawi anali atangosankha ndale za zipani zambiri pa 14 Juni 1993, ndiye munthu amene ankawayankhulira uja n'kulowa m'boma lomwe likugwa! Ena anati wadyetsedwa chibanzi. Ine ndimaona ngati iye, monganso mbuya Gwanda, anakhulupirira kuti nyumba imakonzedwa uli m'kati mwake. Nthawi yokonzayo sinapezeke: Kongeresi inagonja pa 17 Meyi 1994, unduna n'kuthera pomwepo.

Anabwerera ku zisudzo, komwe mphamvu zake zenizeni zinali, ndipo anapitiriza kulemba mpaka imfa yake mu Febuluwale 1999, asanakwanitse zaka 36. Gertrude Kamkwatira anatenga utsogoleri wa Wakhumbata, kenako anayambitsa gulu lake la Wanna-Do.

Chimandiwawa n'chakuti masewero ambiri a Du anali m'Chingerezi, oonetsedwa m'maholo a m'tauni. Mlimi wa ku Marka kapena msodzi wa ku Chiromo, amene amafuna Chisena kapena Chichewa, anamudziwa bwino Manganya wa m'sewero la Tikuferanji kusiyana ndi Du. Manganyayo, a Michael Usi, anadzalumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu Juni 2024.