Kuumitsa zam'chimbudzi kungachepetse ndalama ndi mpweya woipa kwa Kachindamoto

Chimbudzi chikadzaza m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre, mwini nyumba amaitana galimoto yopopa yomwe imakakhuthula zonyansazo kumalo oyeretsera suweji monga ku Kauma kapena ku Soche. Koma kumunsi kwa mapiri a Dedza, m'madera a Mua, Golomoti ndi Mtakataka kwa Mfumu Kachindamoto, kulibe mapaipi a suweji. Mabanja amadalira zimbudzi zokumba, pomwe zipatala, sukulu zina ndi malo ogona alendo ali ndi mathanki apansi. Kumeneko dzenje likadzaza, nkhani imakula: zonyansazo zipite kuti, ndipo alipire ndani?

Gwero la vutoli ndi madzi. Derali ndi chigwa, nthaka ya kufupi ndi nyanja ndi yamchenga, ndipo m'dzinja madzi apansi amakwera. Maenje akuya amadzaza madzi, ena amagumuka, zonyansa nkulowa m'zitsime. Mliri wa kolera womwe udabuka mu Malichi 2022 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja monga Salima ndi Mangochi adali m'gulu la okhudzidwa kwambiri.

Madzi omwewo ndiwo amakweza mtengo. Kawirikawiri magawo oposa 90 mwa 100 a matope a m'thanki amakhala madzi okhaokha, choncho woitanitsa galimoto kuchokera kutali amalipira dizilo wonyamulira madzi. Komanso zonyansa zikamawolera m'madzi, momwe mpweya sulowa, zimatulutsa methane. Pa zaka 100, mpweya umenewu umasunga kutentha mumlengalenga pafupifupi maulendo 28 kuposa carbon dioxide, motero umakolezera kusintha kwa nyengo. Kuumitsa zonyansazo pafupi ndi pomwe zachokera kumachepetsa zonse ziwiri, mtengo ndi mpweyawo.

Kwa mabanja, njira ilipo kale. Katswiri wa ku Zimbabwe, Peter Morgan, adakonza chimbudzi chotchedwa fossa alterna, chomwe mabungwe monga WaterAid adachifalitsa ku Salima ndi ku Embangweni kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Chimakhala ndi maenje awiri osaya, akuya mita imodzi ndi theka kapena kucheperapo. Munthu akadzithandiza amathiramo dothi ndi phulusa, zomwe zimaumitsa, kuthetsa fungo ndi kuthamangitsa ntchentche. Dzenje loyamba likadzaza amalikwirira nkusamukira ku lachiwiri. Pakatha chaka, loyambalo amalifukula ndipo mumatuluka manyowa ooneka ngati dothi lakuda. Mtundu wina, arborloo, safukula nkomwe: dzenje likadzaza amadzalapo nthochi, papaya kapena mango. Popeza maenjewa ndi osaya, savutika kwambiri ndi madzi apansi.

Zipatala, sukulu zogonera komweko ndi misika zimafuna njira yokulirapo. Matope opopedwa angathiridwe pamabwalo oumitsira, oyalidwa miyala pansi ndi mchenga pamwamba. Madzi amatsika kukasefedwa, ena amauma ndi dzuwa, ndipo m'chilimwe matopewo amauma m'masabata ochepa. Dzuwa si losowa kuderali, paja ndi lomwe limayendetsa malo opangira magetsi a mamegawati 20 ku Golomoti. Zouma zija zikasakanizidwa ndi mapesi kapena mankhusu a mpunga wa ku sikimu ya Bwanje, muluwo umatentha powola ndi kupha tizilombo tambiri toyambitsa matenda. Kumene anthu ndi ambiri, thanki yotsekedwa bwino ingakole methane uja kuti aziphikira, nkupulumutsa nkhuni ndi makala.

Komabe pamafunika kusamala. Mazira a njoka zam'mimba amakhala nthawi yaitali asanafe, choncho kufukula dzenje chaka chisanakwane nkuika banja pangozi. Ofukula avale magolovesi ndi nsapato, asambe m'manja ndi sopo, ndipo manyowawo akwiriridwe m'munda wa chimanga kapena pamitengo ya zipatso, osati pandiwo zamasamba zodya zosaphika. Ena amanyansidwabe ndi manyowa otere, ngakhale kukwera mtengo kwa feteleza kukuchititsa alimi kuganizanso kawiri.

Misika ya m'mbali mwa msewu wa M5 ikukula chaka ndi chaka. Khonsolo ya Dedza ndi mafumu akapatula malo oumitsira matopewa pano, nyumba zisanadzaze paliponse, mtengo wake udzakhala wochepa poyerekeza ndi wogula malo mtsogolo kapena wochiza odwala kolera.