Phindu la Khirisimasi lili mu masau, malambe ndi bwemba

Mwezi wa Novembala ukafika, misika ya m'chigwa cha Shire imasintha nkhope. Kuyambira pa Thabwa, Dyeratu, Nchalo, Ngabu mpaka Bangula ndi pa boma la Nsanje, mango amakhala mbwee, pomwe masau amene adayanikidwa m'miyezi yozizira amakhala akadali m'matumba mwa anthu amene adasunga. Malambe ndi bwemba nazo sizisowa. Iyi ndi nyengo imene mabanja amayamba kuganizira za alendo ochokera ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni, komanso mphatso yoti alendowo adzabwerere nayo.

Imodzi mwa mphatso zimene munthu angathe kukonza pakhomo ndi mowa wotsekemera wa zipatso. Kapangidwe kake n'kosavuta ndipo zipangizo zambiri zili pamsika pomwepo. Koma wamalonda ayenera kudziwa kusiyana kwa botolo lopereka ngati mphatso ndi botolo loikidwa mtengo, chifukwa pakati pa awiriwa pali lamulo, pali mpamba, palinso moyo wa munthu.

Si kufulula, si kutcheza

Anthu a m'chigwa amadziwa kale njira ziwiri zopezera mowa. Pali kufulula, monga mowa wamasese, kapena uchema umene umasasa wokha ukagomedwa ku mtengo. Palinso kutcheza, kumene kumatulutsa kachasu, ndipo masau akhala akugwiritsidwa ntchito imeneyi kuyambira kale. Mowa wotsekemerawu ndi njira yachitatu: kuviika. Wopanga amatenga mowa wouma wogula kale m'sitolo, monga jini, vodika kapena burande, n'kuviikamo zipatso kwa masabata angapo. Mowawo umayamwa fungo, mtundu ndi kukoma kwa chipatso, kenako amausefa n'kuthiramo madzi a shuga. Palibe moto wotchezera, palibe chotupitsa.

Kuti zipatso zam'tchire zili ndi msika, umboni ulipo. Amarula, mowa wa ku South Africa umene umagulitsidwa m'maiko ambiri, umachokera ku mfula, mtengo womwewo umene uli m'minda ndi m'tchire la Chikwawa ndi Nsanje. Kuno kwathu, kampani ya Linga Wine ku Lilongwe imapanga vinyo kuchokera ku zipatso monga jambula, magwafa ndi chidede. Makampaniwa ali ndi ziphaso ndi makina, koma chimene amagulitsa kwenikweni ndi kukoma kwa chipatso chimene ena amachipondaponda.

Miyezo yake

Botolo limodzi la mowa wouma la mamililita 750 limafuna pafupifupi theka la kilogalamu ya masau ouma. Masauwo asankhidwe bwino, ofumbwa ndi achuku atayidwe, otsalawo atsukidwe ndi madzi owiritsa n'kuyanikidwa pa lichero loyera mpaka aume. Angathe kutswanyidwa pang'ono kuti khungu lisweke, koma nthangala zisaphwanyidwe chifukwa zimawononga kukoma. Aikidwe mu botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu, mowa uthiridwe mpaka zipatso zonse zimire, ndipo chivindikiro chitsekedwe zolimba. Chipatso chimene chatsala pamwamba pa mowa ndi chimene chimayamba kuwola.

Botololo likhale pamalo amdima ndi ozizirirapo, ndipo likhutchumulidwe kamodzi pa masiku awiri kapena atatu. M'chigwa muno, momwe kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, pawindo kapena pafupi ndi malata si malo ake. Pansi, pakona ya chipinda, ndiye pabwino. Pakatha masabata atatu kapena anayi, mowawo usefedwe pa kansalu koyera kawiri kapena katatu.

Madzi a shuga amakonzedwa powiritsa kapu imodzi ya shuga mu kapu imodzi ya madzi kwa mphindi zisanu, n'kuwasiya azizire. Madzi a m'mijigo yambiri ya m'chigwa ndi amchere, ndipo mcherewo umamveka mu chakumwa, choncho ndi bwino kuwalawa kaye. Shugayo athiridwe pang'onopang'ono uku wopanga akulawa, chifukwa wochuluka sachotseka. Akatero, mowawo upume sabata imodzi kapena awiri kuti nsenga zikhale pansi usanathiridwe m'mabotolo a mphatso.

Masamu a mphamvu ya mowa ndi ofunika. Ngati pa botolo padalembedwa 40 peresenti, ndipo pa mamililita 750 pathiridwa mamililita 250 a madzi a shuga, pamatuluka lita imodzi ya 30 peresenti. Madzi akachuluka mpaka mphamvu kutsika pansi pa 20 peresenti, chakumwacho sichikhalitsa m'nyengo yotentha: chimayamba kusasa, kuchita thovu, mwina kuphulitsa chivindikiro. Apa ndi pamene ofuna kuchulukitsa mabotolo amataya zonse.

Chipatso chilichonse ndi khalidwe lake

Masau ouma ndiwo osavuta kwa woyamba kumene, chifukwa alibe madzi ambiri ochepetsa mphamvu ya mowa. Vuto lawo ndi loti amamwa mowa: pa mamililita 750, wopanga asadabwe kupeza kuti ena atsalira m'zipatso ngakhale atafinya.

Malambe amafuna njira ina. Ufa wake ukaviikidwa mu mowa umachita phala lovuta kusefa. Ndi bwino kuviika malambewo m'madzi owiritsa ozizira monga amachitira opanga mafulizesi, kusefa, kuwiritsa madziwo ndi shuga mpaka alimbe, n'kuwasakaniza ndi mowa atazizira. Chakumwa chake sichiyera mbee, ndipo chimafuna kukhutchumula asanathire mu tambula. Wolandira mphatso auzidwe zimenezi kuti asaganize kuti chawonongeka.

Bwemba ndi wowawasa kwambiri, motero amafuna shuga wochulukirapo. Makoko ndi mitsitsi yake zichotsedwe, ndipo masabata awiri ndi okwanira. Kachidutswa ka jinja kamamuyenera. Mango ndi otsika mtengo m'nyengoyi koma ali ndi madzi ambiri. Asankhidwe akupsa koma olimba, asendedwe chifukwa utomoni wa khungu umayabwa, ndipo asakhalitse kupitirira masabata awiri. Madzi a shuga achepetsedwe, popeza mangowo athira kale madzi awo.

Mfula imapsa kuyambira Januwale kupita m'tsogolo, choncho siingakwane pa Khirisimasi. Ndi ya amene akuganizira za Pasaka. Ndipo wofuna kutsanzira Amarula pothira mkaka adziwe kuti mkaka ukakumana ndi chipatso chowawasa umadukaduka, komanso popanda firiji sukhala masiku.

Nthawi nayo ndi mpamba. Wofuna kupereka mphatso pa 25 Disembala aviike masau pofika pa 15 Novembala, asefe cha pa 10 Disembala, n'kuthira m'mabotolo cha pa 20 Disembala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wochedwa ali ndi pothawira pamodzi: makoko a mandimu kapena malalanje, amene amatulutsa fungo m'sabata imodzi yokha, bola asende khungu lakunja lokha, kusiya choyera cham'kati chimene chimawawa.

Pamene pagona ngozi

Pa ndalama zonse zolowa, gawo lalikulu limapita ku botolo la mowa wouma. Ichi ndicho chimakopa ena kufuna njira yachidule: kachasu wosadziwika kumene watchezedwa, kapena sipiriti wogulidwa m'zigubu. Shuga ndi fungo la chipatso zimabisa chilichonse, ndipo wakumwa sangazindikire ngati muli methanol, poizoni amene amachititsa khungu kapena kupha kumene. Mu 2024 anthu angapo adamwalira mumzinda wa Blantyre atamwa mowa wosadziwika bwino umene udatchuka ndi dzina loti ambuye n'tengeni. Sipiriti wa m'chipatala, sanitayiza ndi ethanol wosakaniza ku petulo si zakumwa, kaya zisungunulidwe motani. Mowa woviikira ukhale wa m'botolo lomata, la kampani yodziwika, logulidwa pamalo a chiphaso.

Ngozi yachiwiri ndi chotengera. Chikwawa ndi Nsanje ndi maboma a thonje, ndipo mabotolo ndi zigubu za mankhwala opopera zimapezeka m'makomo ambiri. Zotengera zimenezi sizitsukika. Mabotolo apulasitiki otoleredwa pamsika nawonso si oyenera mowa wouma wokhala masabata ambiri. Agalasi ndiwo abwino: atsukidwe ndi sopo, awiritsidwe mphindi 10 pamodzi ndi zivindikiro, n'kuuma okha chozondoka. Disembala ndi nyengo ya mvula, pamene matenda otsekula m'mimba ndi kolera amavuta m'chigwa, choncho madzi aliwonse okhudza chipatso kapena botolo akhale owiritsa.

Pa botolo lililonse pamatidwe kapepala konena chipatso, tsiku lothira, ndi mawu akuluakulu oti muli mowa. Chakumwachi chimaoneka ngati juwisi ndipo chimatsekemera ngati juwisi, pomwe mphamvu yake imaposa ya mowa wa m'mabotolo kasanu kapena kupitirira. Pa tsiku la chikondwerero ana amakhala paliponse. Si cha ana osakwana zaka 18, amayi oyembekezera, kapena woyendetsa galimoto, njinga yamoto ndi kabaza.

Mphatso ikaikidwa mtengo

Kupatsa mlamu kapena apongozi botolo pa Khirisimasi ndi nkhani ya pakhomo. Kuliika pa benchi ndi mtengo ndi nkhani ina. Kugulitsa mowa m'dziko muno kumafuna laisensi yochokera ku khonsolo, ndipo chakumwa chopakidwa kuti chigulitsidwe m'masitolo chimayenera kuyesedwa ndi kuvomerezedwa ndi bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards. Kuyambira mu 2015 boma lidaletsanso mowa wouma wa m'masacheti, motero kuthira chakumwachi m'timapepala ta fulizesi n'kudziputira mlandu. Venda amene wagwidwa amataya katundu ndi mpamba pa nyengo imene amayembekezera kupeza za feteleza ndi fizi ya Januwale.

Ngakhale lamulo likadalola, masamu ake ndi olimba. Botolo la mamililita 750, kuchotsa otsalira m'zipatso n'kuwonjezera madzi a shuga, limatulutsa mabotolo ang'onoang'ono atatu a mamililita 300. Pamtengo wa mowawo pawonjezeredwe zipatso, shuga, makala, mabotolo, thiransipoti ndi mwezi wathunthu umene ndalama yagona osazungulira. Akagawa patatu, wamalonda amapeza mtengo umene ogula ambiri a pamsika wa kumudzi sangafikire. Ngati mphatso, botolo limodzi lasanduka mphatso zitatu zooneka bwino. Ngati bizinesi ya pa benchi, phindu lake ndi lopyapyala ndipo chiopsezo ndi chachikulu.

Pamene pali ndalama

Mwayi weniweni wa venda uli pa zonse zimene zimazungulira botololo. Choyamba ndi chipatso chosankhidwa. Masau ouma ogulitsidwa pa mulu, osakanikirana ndi mchenga ndi ofumbwa, ali ndi mtengo wawo. Omwewo atapetedwa, kusankhidwa ndi kuyezedwa theka la kilogalamu m'pepala loyera amakopa wogula wa m'tauni amene waima pa Thabwa kapena pa Dyeratu pobwerera ku Blantyre. Masau amapsa m'miyezi yozizira, ndiye amene adaoda ndi kusunga nthawi imeneyo ndi amene ali ndi mawu pa mtengo mu Disembala. Chaka chamawa, nthawi yoganizira za Khirisimasi ndi Julayi ndi Ogasiti.

Chachiwiri ndi phukusi lathunthu: masau kapena bwemba woyezedwa, shuga wokwanira, jinja, botolo lagalasi loyera ndi kapepala ka malangizo olembedwa m'Chichewa. Mowa akagula yekha wogulayo. Mu phukusili mulibe mowa, ndipo mpamba wake ndi wochepa. Shuga agulidwe msanga, asanayambe kulimbirana ndi ophika thobwa ndi mandasi a chikondwerero.

Chachitatu ndi chakumwa chopanda mowa. Mabanja ambiri, kuphatikizapo Asilamu ndi a mipingo yoletsa mowa, sangalandire botolo la mowa, koma angakondwere ndi madzi olimba a malambe, bwemba kapena chidede ochita kusungunula pakumwa. Makapu awiri a shuga pa kapu imodzi ya madzi a chipatso, owiritsidwa bwino ndi kuthiridwa m'botolo lowiritsa akadali otentha, amasungika masiku angapo. Popeza mulibe mowa woteteza, akonzedwe sabata ya Khirisimasi yomweyo, ndipo wogula auzidwe kuti botolo likatsekulidwa lisakhalitse. Msika wake ndi waukulu kuposa wa mowa, chifukwa amamwa ndi ana omwe.

Amene akufuna kupita patsogolo ndi mowa wotsekemerawu ngati bizinesi yokhazikika ayambire ku ofesi ya zamalonda ya khonsolo ya Chikwawa kapena Nsanje kukafunsa za laisensi, ndipo n'kwapafupi kutero ngati gulu kapena kopaletivi kusiyana ndi munthu payekha. Kwa ena onse, ntchito ya sabata ino ndi kutsegula matumba a masau, kutaya ofumbwa, kusonkhanitsa mabotolo agalasi ndi kuwerengera masiku otsala kufika pa 25 Disembala.